Amayi, Tiyeni Tikakwere Phiri la Nkhoma

Kodi inu mayi wa ku Nathenje, wa pa Kamphata kapena wa kwa Mazengera, mwaliyang'ana kangati phiri la Nkhoma muli kumunda, pachitsime kapena m'basi popita ku Lilongwe? Ambiri a ife tidayamba kuliona tikali kumsana, tidakwatiwa likutipenya, ndipo ena tidachirira ana athu m'chipatala chimene chili m'tsinde mwake. Koma mutafunsa pa msonkhano wa amayi kuti ndi angati adapondapo pamwamba pake, manja amene angakwezedwe ngowerengeka. Alendo amachoka kutsidya kwa nyanja, kulipira ndalama zambiri kuti adzakwere mapiri athu, pamene eni nthakafe timangowadutsa m'mbali titasenza nkhuni.

Sabata ino tsamba lathu likukupemphani kuti mupatule tsiku limodzi lokha, inu ndi banja lanu kapena ndi amayi anzanu, mukakwere phirili. Ulendo wake ngwa inu eni. Mumanyamuka nthawi imene mwapangana, kupuma pamene mwatopa, ndi kubwerera kwanu dzuwa lisanalowe.

CHIFUKWA NINJI NKHOMA?

Dziko lathu lili ndi mapiri otchuka. Kumpoto kuli nkhalango ya Nyika, imene boma lidaikhazikitsa ngati malo otetezedwa a zinyama m'chaka cha 1965, ndipo kumeneko mbidzi, ntchefu ndi achilembwe zimadya msipu pa zitunda zozizira. Kumwera kuli Mulanje, amene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002. Malo onsewa ngokongola, koma kwa mayi wa kuno kwathu amafuna masiku angapo ndi thumba lolemera. Nanga ana, ziweto ndi dimba angazisiyire yani masiku onsewo?

Nkhoma ali pakhomo. Kuchokera mu mzinda wa Lilongwe ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 50. Mumatsata msewu waukulu wopita ku Dedza, kudutsa pa Nathenje, ndipo mukafika pa Kamphata mumakhotera kumanzere. Inu a ku Mitundu muyambe mwatulukira pa mphambano ya ku Bunda, kenaka mulowe msewu womwewo. Nsonga ya phirili imapitirira mamita 1,700 kuchokera pamene pamalekezera madzi a nyanja yamchere, koma popeza mudzi wa mishoni uli kale pamtunda, gawo limene mumakwera ndi miyendo ndi lochepa. Munthu wamphamvu zake amafika pamwamba m'maola awiri kapena atatu.

PHIRI LIMENE LIDASUNGA MAKOLO

Musanayambe kukwera, dziwani kumene mukuponda. Pa nthawi ya nkhondo za Angoni, zaka za m'ma 1800 zikupita kumapeto, anthu a Mfumu Mazengera adasiya midzi yawo ya m'chigwa nakakhala m'phirimu. Taganizani za amayi a masiku amenewo. Ankakwera njira zomwezi mtsuko wa madzi uli pamutu, mwana ali kumbuyo, makutu ali tcheru kumvetsera ngati adani akubwera. Ankatsikira ku minda mwamantha ndi kubwerera msanga kusanade. Tsono ngati wina akuuzani kuti kukwera phiri ndi ntchito ya amuna, mukumbutseni kuti agogo athu aakazi ankalikwera tsiku ndi tsiku, ndiponso atasenza katundu.

Ndi m'masiku ovuta omwewo pamene amishoni a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa adafika. Iwo adayamba ntchito yawo ku Mvera, m'dziko la Mfumu Chiwere, m'chaka cha 1889, motsogozedwa ndi Abusa A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok. M'chaka cha 1896 Abusa Vlok adadzatsegula mishoni ya Nkhoma m'dziko la Mazengera, ndipo pambuyo pake likulu la ntchito yonse lidasamukira kuno. Chipatala chidayamba mu 1915, ndipo chidatchuka m'dziko lonse chifukwa cha ntchito yochiza maso. Buku Lopatulika, limene Abusa William Murray adatsogolera pa ntchito yolimasulira, lidatuluka mu 1922, ndipo sukulu ya sekondale ya pa Nkhoma imadziwika ndi dzina lawo. Mu 1926 mpingo wa Nkhoma udalowa m'chiyanjano cha CCAP. Inu a Chigwirizano, bungwe lanu lidayamba mu 1940 pansi pa mpingo womwewu.

Zonsezi ana anu amazimva mwapatalipatali m'kalasi, ena sazimva n'komwe. Koma mwana amene waima pa thanthwe, mayi wake akumulozera kuti apo ndi pamene anthu ankabisala, apo ndi tchalitchi, apo ndi chipatala chimene iwe udabadwira, sadzaiwala mpaka imvi.

KUKONZEKERA ULENDO

Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi kufikira Ogasiti. Pamenepo zokolola zili m'nkhokwe, mvula yatha, miyala siterera, ndipo dzuwa siliwotcha kwambiri. Meyi ndi Juni ndiyo miyezi yoposa, chifukwa kumwamba kumakhala koyera, utsi wa moto wa m'tchire usanaphimbe dziko. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumafoola ngakhale anyamata, ndipo m'dzinja mphenzi ndi matanthwe onyowa si zinthu zoseweretsa.

Mutu umodzi susenza denga. Panganani mabanja awiri kapena atatu, kapena gulu lanu la banki m'khonde, musonkhe pang'onopang'ono kwa mwezi umodzi kapena iwiri. Mukakhala ochuluka, kubwereka minibasi ya tsiku lonse kumapepuka, ndipo simuvutika kudikira galimoto pamsewu madzulo miyendo italema. Mugwirizane mtengo ndi mwini galimoto tsiku lisanafike, mumuuze nthawi yonyamuka ndi yobwerera, ndipo ndalama zina mudzamalize kupereka mutafika kwanu.

Kambiranani ndi bambo a kunyumba nthawi ikadalipo, osati m'mawa wa tsikulo madzi osamba ali pamoto. Ngati angathe, apite nawo, pakuti banja limene limangokumana pa mphasa ya nsima limafunika nthawi zina kuyendera limodzi. Ngati sangathe, adziwe amene mukupita nawo ndi nthawi imene mubwere. Ana aang'ono kwambiri muwasiye ndi agogo awo kapena apongozi. Amene afika zaka zisanu ndi zitatu kapena kuposerapo angathe kukwera bwino, ndipo kawirikawiri ndiwo amatsogola.

Mayi woyembekezera, wodwala mtima, wa mphumu kapena amene magazi ake amathamanga kwambiri ayambe wafunsa kuchipatala. Asachite manyazi kutsalira m'munsi, pakuti kuzungulira pa mishoni ndi kuona nyumba zakale za njerwa zootcha ndi ulendo wokwanira pawokha.

ZOVALA NDI KAMBA

Nsapato zazitali kuchidendene ndi zofewa zapabafa zisiyeni kunyumba. Valani nsapato zansalu kapena zina zogwira bwino pansi, zimene phazi lidazizolowera kale. Nsapato yatsopano imatulutsa matuza musanafike ndi pakati pomwe. Chitenje mumange cholimba ndi chokwezeka pang'ono kuti chisakupingeni pokwera miyala, ndipo mkati muvale chovala chokulolani kutambasula mwendo mwaulemu. Tengani juzi, chifukwa pamwamba pamawomba mphepo yozizira ngakhale m'munsi muli dzuwa. Duku kapena chipewa chidzakutetezani kumutu. Katundu yense akhale m'chikwama chobereka kumsana kapena m'nsalu yomanga m'chiuno, kuti manja onse awiri akhale omasuka.

Kamba asakhale wolemera. Mbatata yophika, chinangwa, mtedza wokazinga, nthochi, chigumu ndi mazira owiritsa n'zokwanira. Thobwa limabweza mphamvu msanga. Koposa zonse, munthu aliyense anyamule madzi akumwa owiritsa kapena othira mankhwala, botolo lalikulu limodzi kapena awiri, chifukwa m'chilimwe simungadalire kupeza madzi m'njira. Muikemonso kansalu koyera komangira bala, ndipo foni imodzi kapena ziwiri zikhale zodzaza moto.

M'NJIRA

Fikani pa Nkhoma m'mamawa, kuti muyambe kukwera dzuwa lisanakwere. Safunsa adadya phula: pezani munthu wa pomwepo wodziwa njira kuti akutsogolereni, ndipo mugwirizane naye za cholowa chake musananyamuke. Tinjira ta m'phiri n'tambiri, tina n'ta otola nkhuni, tina timathera pa phompho. Wokutsogoleraniyo ndiye adzakuuzaninso maina a mitengo ndi a zitunda, ndi nkhani zimene sizidalembedwe m'buku lililonse.

Yendani pang'onopang'ono, wofooka akhale patsogolo, wamphamvu atsekere kumbuyo. Musalole ana kuthamangira kutsogolo okha kapena kugubuduza miyala, pakuti m'munsi mungakhale anthu. Chenjerani ndi chitedze, chimene chimayabwa koopsa m'miyezi youma, ndipo musapise dzanja m'mphako kapena pansi pa mwala. Mukakumana ndi njoka, imani, ipatseni mpata ipite. Anyani mukawaona musawaponyere chakudya kapena kuwagenda.

Chapakati pa phiri pali kanyumba kamene alendo amapumirapo. Pamenepo khalani pansi, imwani madzi, muyang'ane kumbuyo kumene mwachokera. Chigawo chotsiriza ndicho chovuta, chifukwa n'chotsetsereka ndipo pena mumakwera mogwira miyala ndi manja. Amene aona kuti mawondo akunjenjemera atsale pa kanyumbako pamodzi ndi mnzawo mmodzi. Palibe mphotho imene akupereka pamwamba, ndipo kubwerera wamoyo ndi wosathyoka ndiko kupambana.

Amene mudzafike pansonga mudzaona chimene mawu sangathe kulongosola bwino. Midzi imaoneka ngati mbale zoyalidwa pa mphasa, minda ngati zigamba za nsalu, ndipo galimoto pamsewu ngati nyerere. Kumwera mudzaona mapiri a ku Dedza, ndipo kukakhala koyera mudzaloza kumadzulo kumene kuli Bunda ndi mzere wautali wa Dzalanyama. Mayi amene moyo wake wonse wakhala akuyang'ana pansi, pa khasu, pa mtondo ndi pa mafuwa, ayenera kamodzi kuona kukula kwa dziko limene amalidyetsa.

CHIMENE MUDZAONE CHOMVETSA CHISONI

Pamwamba pomwepo mudzaonanso mabala a dziko lathu. Zitunda zambiri zimene zidali zakuda ndi mitengo tsopano zili mbee, ndipo makwawa akung'amba minda. Ife amayi ndife oyamba kulawa zowawa zake, pakuti ndife timayenda mtunda wautali kufuna nkhuni, ndife timadzuka usiku kukadikira madzi pa chitsime chouma. Nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe umene umamwetsa mzinda wonse, idaonongeka ndi ootcha makala kufikira kuti mu 2015 boma lidatumizako asilikali kukailondera. Mtengo ukachoka paphiri, madzi a mvula salowa pansi, amangothamanga ndi dothi, ndipo kasupe wa m'munsi amaphwa.

Tsono inu musawonjezere bala. Musasonkhe moto m'phiri, musathyole timitengo tating'ono, musalembe maina anu pa matanthwe, ndipo mapepala ndi mabotolo onse mubwerere nawo. Akulu akukumbukira kuti kuyambira mu 1976 tinkadzala mitengo pa 21 Januwale. Masiku ano nyengo yodzala mitengo imayamba pakati pa Disembala kufikira pakati pa Epulo. Gulu limene lakwera phiri mu Juni lingathe kufesa mbewu za mitengo mu Ogasiti, ndi kudzala mvula ikagwa.

POBWERERA

Yambani kutsika dzuwa likangopendeka. Ngozi zambiri zimachitika potsika, pamene miyendo yatopa ndipo mtima uli kale kunyumba. Tsikani chammbali pa malo otsetsereka, ndodo ili m'manja. Mukafika m'munsi muwerengane, muthokoze amene adakutsogolerani, ndipo ngati ndalama yatsalako mugule tomato kapena zipatso kwa amayi anzanu a pamsika, kuti nawonso aone phindu la alendo.

Mukaukonda ulendowu, ina ikudikira. Kufupi ndi Linthipe kuli mapiri a Chongoni, amene bungwe la UNESCO lidawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Kumeneko kuli malo 127 a zithunzi zojambulidwa pa matanthwe, zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa, ndipo zina mwa zoyerazo zidajambulidwa ndi amayi pophunzitsa anamwali. Ku Dzalanyama ndiko kuli Kaphirintiwa, kumene makolo a Achewa ankati anthu oyamba adatsikira.

Tsono nkhaniyi muitengere ku msonkhano wanu wa sabata ino. Sankhani Loweruka limodzi, sankhani msungichuma, ndipo muyambe kusonkha. Mukapita ndi kubwerako, tilembereni kalata mutiuze m'mene mudayendera, kuti amayi a m'madera ena alimbe mtima nawonso.