Ngwazi za m'mabuku a zithunzi zimene ambiri sazidziwa

Ana ambiri osewera pa mchenga ku Metangula ndi ku Cobue amawadziwa Superman ndi Spider-Man, ngakhale sanagwirepo buku lawo. Amawaona pa malaya a kaunjika ndi m'makanema. Koma m'mabuku a nthano za zithunzi mulinso ngwazi zina za ku Africa kuno zimene mbiri yake simveka kwenikweni. Munthu akaziyang'anitsitsa amaona kuti ngwazi iliyonse imatumikira amene anaijambula.

Superman anayamba kutuluka ku America m'chaka cha 1938. Panapita zaka 28 kuti kampani ya Marvel itulutse Black Panther, mfumu ya dziko longopeka la Wakanda, m'chaka cha 1966. Ameneyu anatchuka kwambiri kanema wake atatuluka mu 2018. Anzake enawa ndiwo anatsalira kumbuyo.

Woyamba ndi B'wana Beast, amene kampani ya DC inamutulutsa mu 1967. Iye amakhala pa phiri la Kilimanjaro, ndipo akavala chisoti chake amalankhula ndi nyama, mwinanso kuphatikiza nyama ziwiri kukhala chilombo chimodzi. Chodabwitsa n'chakuti mtetezi wa Africa ameneyu anali mzungu, dzina lake Mike Maxwell. M'chaka cha 1989 mlembi wina, a Grant Morrison, anakonza cholakwikacho. Chisoti chija chinaperekedwa kwa Dominic Mndawe, mnyamata wa ku South Africa wolimbana ndi ulamuliro wa tsankho, ndipo iye anataya dzina la ubwana lija nadzitcha Freedom Beast.

Wachiwiri ndi mayi wotchedwa Vixen, amene anaoneka mu 1981. Kwawo akuti ndi ku Zambesi, dziko longopekanso limene dzina lake likufanana ndi la mtsinje wathu wa Zambezi. Iye amavala chithumwa cha makolo chimene chimampatsa mphamvu za njovu, liwiro la kakwiyo kapena mapiko a chiombankhanga. Nthano yake njokoma, koma vuto lake n'lakuti nkhondo zake zambiri amakamenyera m'mizinda ya ku America, ndipo anthu akwawo amangotchulidwa mwa apo ndi apo.

Nkhani yomvetsa chisoni ndi ya Mighty Man wa ku South Africa, amene anatuluka mu 1975. Anali wakuda, wa mphamvu zoopsa, ndipo ankathana ndi akuba ndi matsotsi m'makomboni. Koma za malamulo a tsankho amene ankazunza anthu ake sanalankhulepo kanthu. Pambuyo pake zinaululika kuti ndalama zosindikizira mabukuwo zinkachokera mwamseri ku boma la tsankho lomwelo. Mighty Man sanakhalitse.

Kuno ku Mozambique, akuluakulu akumkumbukira Xiconhoca, amene chipani cha Frelimo chinayamba kumjambula mu 1976 m'magazini ya Tempo. Iyeyu sanali ngwazi koma mdani wa anthu: mlesi, chidakwa, wakatangale ndi kazitape. Mbali yomaliza ya dzina lakelo imatanthauza njoka. Dzinali linalowerera m'kamwa mwa anthu mpaka kukhala chitonzo, umboni wakuti chithunzi chimafika ngakhale kwa munthu amene sadziwa kuwerenga.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikukhudza makolo ndi aphunzitsi a m'boma la Lago. Mwana wa m'mbali mwa nyanja amabadwa akumva Chinyanja, koma mabuku ambiri amawapeza m'Chipwitikizi. Kuyambira mu 1993 mpaka 1997 boma linayesa kuphunzitsa ana m'Chinyanja ku Tete, ndipo mu 2003 maphunziro a zilankhulo ziwiri anayamba m'sukulu zina za m'dziko muno. Mwana akatseka buku la m'kalasi amafuna lina longosangalatsa, ndipo buku la zithunzi limamkoka kuti awerenge mawu pofuna kudziwa chimene chichitike patsamba lotsatira.

Nkhani zojambula sizikusowa m'mbali mwa nyanja. Alipo msodzi wobwera ndi bwato lake mphepo ya mwera itamupeza pakati pa nyanja usiku, mayi woyanika usipa kuti mwana apite kusukulu, ndi mwana wopulumutsa mnzake kwa ng'ona. Chofunika ndi pensulo, pepala ndi mphunzitsi amene sangakalipire mwana wojambula kumapeto kwa kope lake, koma kumfunsa kuti, "Nanga munthu wakoyu akunena chiyani?"