Mkaka wa mapichesi m'nyengo yotentha

Mapichesi akayamba kudzaza mabeseni pamsika wa Lizulu, ine ndimasankha ofewa okhaokha, onunkhira patali. Osapsetsa amawawasa, ndipo amatha kudula mkaka.

Ndimawaviika m'madzi owira kwa theka la mphindi, kenako m'madzi ozizira. Khungu limangosendeka lokha. Ndikachotsa njere, ndimawaduladula n'kuwagoneka mufiriji mpaka aume gwa. Apa m'pamene ambiri amaphonya: amathira ayezi, yemwe akasungunuka amasukulutsa kukoma konse. Chipatso chozizira chimakhuthalitsa chakumwacho pachokha.

M'mawa ndimagaya m'bulenda mapichesi 3, kapu imodzi ya mkaka, ndi masipuni 2 a ayisikilimu. Chambiko chimalowanso m'malo mwa mkaka bwinobwino, kwa okonda kowawasira. Shuga ndimathira nditalawa kaye, chifukwa pichesi lopsera mumtengo nthawi zambiri silimufuna. Imwani nthawi yomweyo, thovu lisanatsike.