Kufunafuna Ntchito ku Machipisa

Highfield, komwe kuli masitolo a Machipisa, inamangidwa m'zaka za m'ma 1930 kuti muzikhala anthu akuda ogwira ntchito mumzinda wa Salisbury, m'dziko limene lero ndi Zimbabwe. Mafakitale a ku Southerton, Workington ndi Willowvale ali pafupi, moti kale munthu ankangolawirira n'kukaima pageti, kapitawo n'kuloza amene wamufuna. Pagulu limenelo pankakhala anthu ambiri a ku Nyasaland, ena obwera ndi bungwe lolemba antchito la Mthandizi, ena oyenda okha wapansi kudzera ku Tete. Komatu chala cha kapitawo sichinkaloza mwachisawawa. Wobwera kumene ankafikira kwa mbale wake wa ku Dedza kapena ku Ntcheu, ndipo mbaleyo ndiye ankakanong'oneza kapitawo kuti, "Mnyamata uyu ndi wanga, alibe dzanja lalitali."

Mageti ambiri aja anatsekedwa. Ndondomeko ya zachuma ya ESAP ya 1991 inachotsetsa anthu ambiri ntchito, ndipo kugwa kwa ndalama ya Zimbabwe mu 2008 kunafooketsa mafakitale amene anatsala. Lero anthu ochuluka akudyera luso la manja awo: owotcherera zitsulo ndi amakanika ku Gazaland, akalipentala ku Glen View Area 8, ogulitsa ndiwo pamsika wa Lusaka mu Highfield momwemo. Malo akapezeka kumeneko salengezedwa m'nyuzipepala za Herald kapena Sunday Mail. Mwini shopu amangofunsa mnyamata wake ngati akudziwa wina wodalirika, dzuwa lisanalowe malowo atha. Kunong'oneza kuja ndiye kudakalipo.

Musanayambe kupempha anthu kuti akunenereni, konzani mapepala. Ana ndi zidzukulu za machona ayenera kusamala kwambiri apa. Lamulo la unzika la 2001 linasandutsa ambiri a iwo alendo m'dziko limene anabadwira. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anakonza zimenezi: wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanayambe kugwira ntchito, amene kholo lake linali nzika ya dziko la SADC monga Malawi, Zambia kapena Mozambique, ndipo iye ankakhala mu Zimbabwe panthawiyo, ndi nzika. Koma chitupa chakale sichisintha chokha. Pamafunika kupita ku ofesi za kalembera, monga ya ku Makombe Building. Mabwana ambiri amafunanso maphunziro asanu a O Level, Chingerezi chili momwemo, ndi kalata ya kupolisi yosonyeza kuti mulibe mlandu. Mmisiri amene anaphunzirira ntchito pansi pa mtengo angathe kulemba mayeso a boma a zaumisiri, amene amayambira Class 4 kukafika Class 1. Ambiri amawanyozera, chonsecho pepalalo ndi limene limasiyanitsa malipiro a mmisiri ndi a wothandizira.

Tsono muuze yani? Kutchalitchi cha CCAP, kumzikiti, kubungwe la maliro ndi kuchipereganyu, chimene Ashona amati mukando, n'koyambira kwabwino, chifukwa kumeneko amakudziwani ndi makolo anu omwe. Vuto lake n'lakuti anthu amene mumakhala nawo tsiku ndi tsiku amamva zimene inunso mwamva kale. Nkhani zatsopano zimabwera ndi oyendayenda: dalaivala wa kombi, mayi wokaoda katundu ku Mbare Musika, mlonda wa pageti ku Willowvale, mnzanu wa kusukulu amene anasamukira ku Msasa. Safunsa anadya phula.

Kafunsidwe kake nakonso n'kofunika. Mawu akuti "ndikufuna ntchito iliyonse" amvekere odzichepetsa bwanji, palibe amene angawatengere kwa bwana. Nenani kuti mumaika matailosi, muli ndi laisensi yoyendetsera galimoto ya Class 2, kapena mumasoka yunifolomu. Sungani zithunzi za ntchito zanu pafoni kuti wokunenerani angozitumiza pa WhatsApp. Ganyu wa tsiku limodzi musamupeputse, pakuti ku Gazaland mayeso ake ndi amenewo. Ndipo dziwani kuti wokuperekani kwa bwana waika dzina lake pachikole. Mukajomba Lolemba, kapena sipanala ikasowa, mwatsekera khomo achinyamata onse a kwanu amene akanabwera pambuyo panu.

Pamene pali ulova, akathyali sasowa. Mu 2016 amayi ambiri a ku Zimbabwe analonjezedwa ntchito zabwino ku Kuwait, n'kukapezeka atalandidwa mapasipoti, akugwira ukapolo m'nyumba za anthu. Ena anagulitsa katundu kuti agule makalata a ntchito yosamalira okalamba ku Britain, makalatawo n'kukhala abodza, ndipo mu Julaye 2025 dziko la Britain linatseka njira yolembera antchito amenewa kuchokera kunja. Wina akakuuzani kuti mutumize kaye ndalama pa EcoCash kuti dzina lanu lilowe pamndandanda, mufunseni dzina la kampaniyo ndi kumene ili, mukwere kombi mukadzionere nokha musanatulutse kalikonse.