Momwe Anthu Angawonjezere Liwiro la Intaneti ya WiFi Pakhomo ndi Pamalo Amalonda

Unduna ukudziwitsa alimi, amalonda ndi anthu onse kuti mavuto ambiri a intaneti yochedwa amene amaoneka m'makomo ndi m'masitolo angathe kuchepetsedwa popanda kuwononga ndalama zambiri. Masiku ano mlimi wa soya ku Mchinji amafufuza mitengo ya mbewu pa foni asanapite kumsika, wamalonda ku Limbe amatumiza zithunzi za katundu kwa ogula pa WhatsApp, ndipo mabanja amacheza pa kanema ndi abale awo amene ali ku Johannesburg kapena ku London. Intaneti ikamachedwa, wogula amatembenukira kwa wamalonda wina, ndipo bandulo imatha masiku ake ntchito isanagwirike.

Ambiri akakumana ndi vutoli amathamangira kugula bandulo yaikulu kapena kusintha kampani, pamene gwero la vuto lili m'nyumba mwawo momwemo. Choncho munthu asanatulutse ndalama ayenera kuyamba wadziwa pamene intaneti yake ikutsamwa.

Njira ziwiri zimene intaneti imadutsa

Dziko la Malawi lilibe gombe la nyanja yamchere, kotero intaneti yambiri imene imagwiritsidwa ntchito kuno imachokera ku zingwe zikuluzikulu zodutsa pansi pa nyanja ya Indian Ocean, monga SEACOM ndi EASSy, zimene zimatulukira kumtunda ku Dar es Salaam ndi ku Maputo. Kuchokera kumeneko imayenda pa zingwe za faiba kudutsa m'maiko oyandikana nawo mpaka kufika pa nsanja za makampani monga Airtel ndi TNM.

Kwa munthu wa pakhomo, ulendo wonsewu ungagawidwe pawiri. Gawo loyamba limathera pa kachipangizo kotchedwa rauta, kapena MiFi, kamene kamalandira intaneti kuchokera ku nsanja kudzera pa simu khadi, kapena kuchokera pa chingwe cholowa m'nyumba. Gawo lachiwiri ndi lochokera pa rauta kufika pa foni kapena kompyuta, ndipo limeneli ndilo limatchedwa WiFi. Timizere ta WiFi timene timaoneka pamwamba pa foni timangosonyeza mphamvu ya gawo lachiwiri lokha. Ndi chifukwa chake foni imatha kuonetsa timizere todzaza pamene uthenga ukukanika kupita. Zili ngati madzi a m'mipope: akamabwera ochepa kuchokera ku thanki yaikulu, kusintha mpope wa kukhitchini sikuthandiza, koma akamafika ambiri pa mita n'kumatuluka modontha m'nyumba, vuto ndi la mwini nyumba.

Kuyeza liwiro

Liwiro la intaneti limayezedwa mu Mbps, ndipo munthu angaliyeze kwaulere pa Speedtest kapena pa fast.com. Mbps ndi yosiyana ndi MB imene imalembedwa pa bandulo: liwiro la 8 Mbps limakopera pafupifupi MB imodzi pa sekondi iliyonse. Mauthenga olemba ndi kuimba kwa mawu okha sizifuna liwiro lalikulu, koma kanema wooneka bwino kwambiri amafuna pafupifupi 5 Mbps pa chipangizo chimodzi.

Mwini rauta ayeze koyamba ataima pafupi ndi rautayo, zipangizo zina zonse atazichotsa pa WiFi, kenako ayezenso ali m'chipinda chimene intaneti imavuta. Achite zimenezi m'mamawa ndiponso madzulo. Liwiro likakhala labwino pafupi ndi rauta koma lotsika kuchipinda, vuto ndi la m'nyumba. Likakhala lotsika ngakhale pafupi penipeni, vuto lili pakati pa rauta ndi nsanja, pa bandulo kapena kwa kampani. Kuyezaku kumadya data, choncho sikoyenera kubwereza kambirimbiri pa bandulo yaing'ono.

Malo oika rauta

Palibe chinthu chimene chimasintha liwiro la WiFi mosalira ndalama kuposa malo amene rauta yaikidwa. WiFi imayenda pa mafunde a wailesi amene amafooka nthawi iliyonse akadutsa pa chinthu cholimba. Khoma la njerwa zootcha limawafooketsa kuposa chitseko cha thabwa, konkire yokhala ndi zitsulo mkati imawafooketsa koposa pamenepo, ndipo malata, furiji, zitseko zachitsulo ndi magalasi odziyang'anira zimawabweza. Madzi nawo amameza mafundewa, kotero rauta yoikidwa kuseri kwa mgolo wa madzi imagwira ntchito moperewera.

Rauta iyenera kukhala pamalo okwera ndi oonekera, monga pa shelefu kapena pakhoma pa msinkhu wa munthu wamkulu. Isaikidwe pansi, m'kabati, kuseri kwa wailesi ya kanema kapena pakona ya nyumba. M'makomo ambiri anthu amaifunditsa kansalu kokongoletsa poiteteza ku fumbi, koma zimenezi zimatseka timabowo totulukira kutentha, ndipo rauta ikatentha kwambiri, makamaka m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala pansi pa denga la malata, imachedwa kapena kuzima yokha. Ngati ili ndi tinyanga, tiimikidwe chilili.

Pali kusiyana pakati pa rauta ya chingwe ndi rauta ya simu khadi. Ya chingwe iikidwe chapakati pa nyumba kuti mafunde afike m'zipinda zonse mofanana. Ya simu khadi iyenera kuyamba yalandira bwino netiweki yakunja, choncho malo ake abwino ndi pafupi ndi windo loyang'ana kumene kuli nsanja. Mwini wake aiyese pa mawindo osiyanasiyana, akuyeza liwiro pa windo lililonse, chifukwa kusuntha mamita awiri okha nthawi zina kumabweretsa kusintha kwakukulu.

Amalonda amene amagwirira ntchito m'makontena kapena m'mashopu a malata okhaokha adziwe kuti chitsulo chozungulira mbali zonse chimatsekereza mafunde akunja. Rauta iikidwe pafupi ndi khomo kapena pa zenera logulitsira. M'nyumba zosungira mbewu, milu ya matumba a chimanga ndi feteleza imatchinga mafunde ngati khoma, kotero rauta ikhale pamwamba kuposa miluyo. Kumidzi yakutali ndi nsanja, marauta ena amalola kulumikizidwa ndi mlongoti wakunja woimikidwa pamwamba pa denga n'kulozetsedwa ku nsanja. Chingwe cha mlongotiwo chikhale chachifupi momwe kungathekere, pakuti chikatalika mphamvu imathera m'njira.

Mafunde a 2.4 GHz ndi a 5 GHz

Marauta ambiri amakono amatulutsa WiFi pa mitundu iwiri ya mafunde. A 2.4 GHz amafika patali ndipo amadutsa makoma bwinoko, koma ndi ochedwerapo ndiponso odzaza, chifukwa zipangizo za Bluetooth ndi mauvuni a microwave zimagwiritsa ntchito mafunde omwewo. A 5 GHz ndi othamanga ndipo sasokonezedwa kawirikawiri, koma safika patali. Foni kapena kompyuta yokhala m'chipinda chimodzi ndi rauta ilumikizidwe pa 5 GHz, ndipo zakutali zikhale pa 2.4 GHz. Marauta ena amalemba "5G" kumapeto kwa dzina la WiFi ya 5 GHz, koma imeneyi si netiweki ya 5G ya makampani a foni, ndipo anthu asanamizidwe ndi ogulitsa pa mfundo imeneyi.

M'madera amene nyumba ndi zothithikana, monga Ndirande, Kawale ndi Chibavi, marauta a nyumba zoyandikana amaphangirana njira. Mafunde a 2.4 GHz agawidwa m'matchanelo, ndipo atatu amene salowererana ndi 1, 6 ndi 11. Mwini rauta angayese tchanelo chilichonse mwa atatuwa n'kusiya chimene chapereka liwiro labwino. Kusinthaku kumachitikira pa tsamba loyendetsera rauta, limene adiresi yake, monga 192.168.0.1, 192.168.1.1 kapena 192.168.8.1, imalembedwa pa kapepala komatidwa kunsi kwa rautayo.

Ogwiritsa ntchito WiFi ndi pasiwedi

Liwiro limene lafika pa rauta limagawidwa kwa onse olumikizidwa. Ana awiri akamaonera kanema pamene kholo likutumiza zikalata, onse amachedwa. Vuto limakula pasiwedi ikafalikira kwa oyandikana nawo nyumba ndi alendo. Pa tsamba loyendetsera rauta pali mndandanda wa zipangizo zonse zolumikizidwa, ndipo mwini wake akaona zimene sakuzidziwa asinthe pasiwedi nthawi yomweyo.

Chitetezo cha WiFi chiikidwe pa WPA2 kapena WPA3. Pasiwedi imayenera kukhala ya zilembo zosachepera 8, koma yaitali yosakaniza zilembo ndi manambala ndiyo yolimba. Nambala ya foni, dzina la sitolo kapena chaka chobadwa ndi zosavuta kuziganizira. Pasiwedi yolowera pa tsamba loyendetsera rauta nayo isinthidwe, chifukwa marauta ambiri amabwera ndi mawu akuti admin amene aliyense amawadziwa. Eni malo ogona alendo ndi malo odyera atsegulire makasitomala WiFi yapadera ya alendo, imene marauta ambiri ali nayo, kuti isasakanikirane ndi ya ofesi. Anthu akukumbutsidwanso kuti lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la chaka cha 2016 limaletsa kulowa pa makina a kompyuta a munthu wina popanda chilolezo.

Ngakhale zipangizo za eni nyumba zimadya liwiro mwakachetechete. Foni ikalumikizidwa pa WiFi imayamba yokha kukopera mapulogalamu atsopano ndi kutumiza zithunzi kokazisunga pa intaneti. Zimenezi zingaimitsidwe m'makonzedwe a foni kapena kusiyidwa kuti zichitike usiku. Pa WhatsApp munthu angaletse kukopera kwa makanema ongobwera okha m'magulu, ndipo pa YouTube kanema wa 480p amaoneka bwino pa foni pamene akudya data yochepa kwambiri poyerekeza ndi wa 1080p. Ogula mabandulo olembedwa kuti ndi opanda malire awerenge malamulo ake, chifukwa ena amatsitsa liwiro munthu akapyola mlingo wina wa data.

Zipangizo ndi magetsi

Rauta imene yakhala ikuyaka masiku ambiri imapindula ikazimitsidwa kwa theka la mphindi n'kuyatsidwanso. Kabatani kakang'ono kolembedwa reset kasakanikizidwe mwachisawawa, popeza kamafufuta makonzedwe onse pamodzi ndi pasiwedi. Rauta yakale yolandira 3G yokha singapereke liwiro la 4G ngakhale bandulo ikule bwanji, ndipo foni zina zakale siziona mafunde a 5 GHz. Pogula rauta yatsopano, anthu afunse ngati ndi ya mtundu wovomerezedwa ndi bungwe la MACRA ndiponso ngati imalola simu khadi ya kampani imene ili ndi netiweki yabwino kudera kwawo.

Kompyuta ya paofesi kapena wailesi ya kanema yosasunthidwa ndi bwino kuilumikiza ndi chingwe cha Ethernet, chimene chimagwira bwino ntchito mpaka mamita 100 ndipo sichisokonezedwa ndi makoma. M'nyumba yaikulu, kachipangizo kopititsa mafunde patsogolo, kotchedwa repeater, kamathandiza kakaikidwa pakati pa rauta ndi chipinda chovuta. Kakaikidwa m'chipinda chovutacho kamangobwereza mafunde ofooka. Kachipangizoka sikawonjezera liwiro lochokera kwa kampani, ndipo kawirikawiri kamalitsitsa ndi theka.

Rauta imadya magetsi ochepa, kotero batire yaing'ono kapena sola ingaiyendetse magetsi akazima, malinga mphamvu yake ikugwirizana ndi yolembedwa pa rautayo. Nyengo ya mvula, mphezi zikayamba, rauta ichotsedwe pa magetsi ndi pa mlongoti wakunja.

Vuto likakhala lakunja

Pali mavuto amene mwini nyumba sangawathetse yekha. Nsanja imodzi imatumikira anthu ambiri, choncho liwiro limatsika madzulo ndi pa masiku a msika. Mapiri amatchinga mafunde m'maboma monga Dedza, Ntcheu ndi Rumphi, ndipo mudzi wa m'chigwa ungavutike ngakhale nsanja ili pafupi. Nthawi zina vuto limachokera kutali kwambiri: mu Meyi 2024 zingwe za SEACOM ndi EASSy zitaduka pansi pa nyanja, intaneti inachedwa m'maiko angapo a kum'mawa ndi kummwera kwa Africa, kuphatikizapo Malawi. Kumadera kumene nsanja sizifika, intaneti ya setilaiti ya Starlink, imene inayamba kupezeka m'dziko muno mu 2023, ndi njira ina, ngakhale zipangizo zake ndi zokwera mtengo ndipo mbale yake imafuna malo oona kumwamba popanda mitengo yotchinga.

Munthu amene wayesa njira zonsezi koma liwiro likukhalabe lotsika kwa masiku ambiri ali ndi ufulu wodandaula. Alembe masiku, nthawi ndi liwiro limene wapeza poyeza, kenako akadandaule ku kampani imene imamupatsa intaneti n'kusunga umboni wa dandaulo lakelo. Kampaniyo ikapanda kumuthandiza, angatengere nkhaniyo ku MACRA, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la zamtokoma la 1998 ndipo tsopano likugwira ntchito motsatira lamulo la 2016, lomwe mwa ntchito zake ndi kuteteza ogwiritsa ntchito foni ndi intaneti.

Unduna ukupemphanso mafumu, makomiti a chitukuko ndi anthu onse kuti ateteze nsanja ndi zingwe za faiba zodutsa m'madera mwawo. Alimi olima m'mbali mwa misewu ikuluikulu ndi onse okumba maenje asamale pamene pali zizindikiro za zingwe, ndipo aliyense woona anthu akuba mabatire, mafuta kapena zingwe pa nsanja akanene kupolisi yapafupi, chifukwa chingwe chimodzi chikaduka amavutika ndi anthu a maboma angapo.