Kodi Eni Malo Achisangalalo Amamvera Yani?

Pa malo aliwonse amene anthu amapitako kukasangalala pamafika alendo a mitundu iwiri. Alipo a chikhamu, amene amabwera kamodzi pa chaka ndi ana awo, nadya, nasewera, nabwerera kwawo dzuwa lisanalowe. Aliponso ena owerengeka amene chinthucho chidawalowa m'magazi. Iwowa amabwera kawirikawiri, amadziwa mbiri yake yonse, ndipo kanthu kakasintha pang'ono ndiwo amayamba kudandaula. Anthu otere amatchedwa zidakwa, monga umo anenera kuti uje ndi chidakwa cha mpira kapena cha bawo. Tsono funso la m'nkhani ino ndi lakuti, kodi eni malo amawerengera mau a zidakwa kufikira pati? Funsoli likhudza boma lonse la Mangochi, kuyambira ku Cape Maclear mpaka ku mapiri a kwa Katuli pafupi ndi malire a Mozambique, pakuti zimene zigamulidwa ku nyanja zimafika ndi kumtunda komwe. Ana a kwa Katuli amatsikira ku gombe kukafuna ntchito, ndipo usipa ndi utaka wa m'misika ya kumeneko umakwera kuchokera ku madooko.

Kuti nkhaniyi imveke bwino nkoyenera kuyamba ndi chitsanzo cha kutali, kumene funsoli lakambidwa zaka zambiri. Amene adapitako ku Johannesburg, ndipo kwa Katuli ndi ku Namwera alipo ochuluka, mwina adaona malo otchedwa Gold Reef City, amene adamangidwa pa mgodi wakale wa golide. Kumeneko kuli timasitima tachisangalalo totchedwa roller coaster. Ndi ngolo zazing'ono zolumikizana, zoyenda pa njanji yopindikapindika imene idakwezedwa m'mwamba pa mizati. Unyolo umakoka ngolozo mpaka pamwamba penipeni, kenaka zimatsetsereka zokha ndi liwiro loopsa, zikukhota, zikukwera, nthawi zina nkuwayendetsa okwerawo chadodolido. Munthu amalipira ndalama zake kuti achite mantha kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, natsika akuseka.

Timasitima timeneti tili ndi zidakwa zake. Ku America zidakwazo zidayambitsa bungwe lotchedwa American Coaster Enthusiasts m'chaka cha 1978. Mamembala ake amayenda maulendo aatali kuti akalawe njanji yatsopano, amadziwa kampani imene idapanga kasitima kalikonse, ndipo amalemba maganizo awo pakati pa anzawo. Eni malo amawalemekeza ndithu. Amawaitana pa tsiku loonetsa kasitima katsopano kwa atolankhani, ndipo nthawi zina amawalola kukwera okha chipata chisanatsekulidwe kwa anthu ena. Kuyambira mu 1998 nyuzipepala ya Amusement Today imapereka mphoto za Golden Ticket motsata mavoti a anthu odziwa kwambiri zimenezi, ndipo malo amene apambana amalengeza chipambanocho pokopa alendo. Zidakwa zapulumutsaponso zinthu zakale. Kasitima ka matabwa kotchedwa Leap-The-Dips, ka mu mzinda wa Altoona, kadamangidwa mu 1902 ndipo kadaleka kuyenda mu 1985. Okonda mbiri yake adasonkha ndalama, nathandiza kuti kakonzedwe, ndipo mu 1999 kadayambanso kunyamula anthu.

Komabe ulemu umenewu uli ndi polekezera. Kasitima kakakulu kamadya ndalama zosaneneka. Kotchedwa Millennium Force, kamene kadatsekulidwa ku Cedar Point mu 2000, kadadya madola 25 miliyoni. Ndalama zotere sizingabwerere kuchokera m'matumba a zidakwa, chifukwa iwo ndi ochepa poyerekeza ndi chikhamu chimene chimalowa pa chipata. Amene amabweza ndalamazo ndi mabanja ogula matikiti, chakudya ndi zakumwa. Chifukwa chake mwini malo, pofuna kumanga chatsopano, amayamba wafunsa ngati mwana wa zaka khumi angakwere, ngati mayi angalole kutsagana naye, ndiponso kuchuluka kwa anthu amene anganyamulidwe pa ola limodzi. Ku Cape Town kudali malo otchedwa Ratanga Junction, amene adatsekulidwa mu 1998 ndipo adatchuka ndi kasitima kotchedwa Cobra. Okonda malowo adalipo, koma mu 2018 adatsekedwa kuti pamalopo pamangidwe nyumba ndi maofesi.

Phunziro lake ndi ili: eni malo amawerengera zidakwa pa nzeru zawo ndi pa mbiri imene zimafalitsa kwaulere, koma pogamula za ndalama amayang'ana chikhamu. Mau a chidakwa amapambana pamene chofuna chake chagwirizana ndi phindu la mwini malo, kapena pamene iye mwini wapisa m'thumba. Akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Ku Mangochi kulibe roller coaster, koma kuli chinthu china chimene chili ndi zidakwa zake m'maiko ambiri. Chinthucho ndi mbuna, tinsomba ta mawanga owala timene timakhala m'miyala ya m'mbali mwa Nyanja ya Malawi. Msodzi satiwerengera kwenikweni, popeza ntating'ono ndipo khoka limakola m'miyala mwakemo. Koma ku Germany, ku Netherlands, ku Britain ndi ku America kuli anthu amene amaweta mbuna m'nyumba mwawo m'matanki a galasi, amadziwa maina a zilumba za Thumbi, Domwe, Mumbo ndi Boadzulu ngakhale ambiri a iwo sadapondepo m'dziko muno, ndipo ena amasunga ndalama zaka zingapo kuti adzasambe nato pansi pa madzi. Chimene chimawakopa ndi khalidwe la tinsombato. Mbuna sizikonda kuoloka mchenga kapena madzi akuya, kotero kuti gulu lililonse lidakhazikika pa miyala yake kwa zaka zikwizikwi mpaka lidasiyana ndi anzake. Nchifukwa chake chilumba chimodzi chimatha kukhala ndi mtundu umene supezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi. Akatswiri amati mitundu ya mbuna yokha iposa 300. Yaikazi imasunga mazira ndi ana ake m'kamwa kufikira atatha kudziyendera okha.

Nanga mau a zidakwa za mbuna amveka kufikira pati? Pa nzeru ndi pa mbiri amveka kwambiri. Kutchuka kwa nsombazi, kumene kudafala ndi zolemba za asayansi ndiponso ndi malonda otumiza mbuna zamoyo kunja pa ndege, kudathandiza kuti anthu a m'maiko ena adziwe kufunika kwa nyanjayi. M'chaka cha 1980 boma lidakhazikitsa Lake Malawi National Park pa ndomo ya kwa Nankumba ndi zilumba zoyandikana nayo, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO lidalemba malowa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi. Kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 94, ndipo lamulo limaletsa kusodza m'madzi a mamita 100 kuchokera pa gombe la pakiyo. Ad Konings, wa ku Netherlands, wakhala akusamba m'nyanjayi ndi kujambula nsomba zake zaka zambiri, ndipo mabuku ake amagwiritsidwa ntchito ndi oweta nsomba pamodzi ndi asayansi omwe.

Pa kupisa m'thumba naponso zidakwa zaonetsa mphamvu. Stuart Grant, amene ankatumiza nsomba kunja kuchokera ku Salima, adamwalira mu 2007, ndipo oweta mbuna a m'maiko osiyanasiyana adakhazikitsa thumba la ndalama m'dzina lake. Ndalama zimenezi zidathandiza kuika zitsulo zokola makoka pansi pa madzi kuzungulira zilumba za Maleri, zimene zili mbali ya pakiyo, kuti osodza mobisa m'madzi oletsedwa asakokemo. Apa chofuna cha zidakwa chidagwirizana ndi chofuna cha nthambi ya boma yoyang'anira malowa, imene nthawi zonse imasowa mabwato ndi mafuta okwanira kulondera zilumba zonse.

Koma chikondi chopambanitsa nacho chimapweteka, ndipo ichi ndi chifukwa chimodzi chimene mau a chidakwa ayenera kupimidwa asanatsatidwe. Cha m'ma 1960 wamalonda wina adataya pa chilumba cha Thumbi cha kumadzulo, pafupi ndi Cape Maclear, mbuna za mtundu wa Cynotilapia afra zochokera ku Likoma. Nsombazo zidaswana, ndipo asayansi adapeza pambuyo pake kuti zidasakanizana ndi mbuna za pomwepo, chinthu chimene sichingabwezedwenso. Mtundu wina wotchedwa saulosi, umene dzina lake lidachokera kwa Saulos Mwale, Mmalawi amene adaupeza, umakhala pa miyala ya Taiwanee yokha kufupi ndi Chizumulu. Oweta kunja adaukonda kwambiri, ogwira nsomba nautola mpaka udatsala pang'ono kutha. Pambuyo pa 2010 okonda nsomba omwewo adasonkha ndalama zoti mtunduwo uswanitsidwe m'matanki ndi kubwezeredwa pa miyala yake. Dzanja limene lidaononga ndilo lidayesanso kukonza.

Ku mahotela a m'mbali mwa msewu wochokera pa boma la Mangochi kupita ku Monkey Bay, monga ku Nkopola ndi ku Makokola, nkhani imafanana ndi ya Gold Reef City. Mwini hotela amakondwa mlendo wodziwa nsomba akafika, chifukwa zithunzi zake zimalengeza nyanjayi kutali popanda kulipira. Komabe zipinda zambiri zimadzazidwa ndi misonkhano, maukwati ndi mabanja a ku Blantyre, Zomba ndi Lilongwe pa nyengo ya Khirisimasi, Pasaka ndi tsiku la amayi. Alendo ameneŵa amafuna mchenga woyera wosesedwa bwino, madzi osaya osambiramo ana, chambo chootcha ndi nyimbo. Chidakwa cha mbuna chimafuna miyala, bata ndi madzi oyera osavundulidwa ndi mabwato a injini. Zofuna ziwirizi zikasemphana, mwini hotela amawerenga zipinda zake, ndipo kawirikawiri yankho limadziwikiratu.

Pali kusiyana kumodzi kwakukulu pakati pa malo a timasitima ndi nyanja. Roller coaster idamangidwa ndi mwini wake, ndipo ikaphwasulidwa palibe amene amagona ndi njala kupatula antchito ake. Nyanja sidamangidwe ndi munthu, ndipo m'mbali mwake muli anthu a mtundu wachitatu amene sali alendo konse. M'kati mwa malire a pakiyo muli midzi isanu, monga Chembe, Msaka, Mvunguti ndi Zambo, imene anthu ake amadalira usodzi. Kwa iwo mamita 100 aja ndi malo amene makolo awo ankaponyamo mbedza, ndipo nkhuni za m'phiri amatola potsata chilolezo. Chitsulo chokola makoka, chimene woweta nsomba wa ku Germany amachiona ngati chipulumutso, msodzi amachiona ngati khoka long'ambika ndi ngongole yosabwezeka. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma mwini mudzi amatsala ndi zotsatira za chigamulo chilichonse.

Boma lidaphunzira zimenezi ku Nyanja ya Malombe, m'boma lomweli la Mangochi. Chambo chitachepa kwambiri kumeneko, lamulo lochokera ku ofesi lokha lidalephera kuletsa makoka a maso aang'ono. M'chaka cha 1993 kudayamba makomiti a pa dooko, m'mene asodzi ndi mafumu amakhala pamodzi ndi alangizi a za nsomba pokonza malamulo, ndipo lamulo la za usodzi la 1997 lidavomereza kuti anthu a m'midzi azitengako mbali. Makomitiwo sadathetse mavuto onse, koma adaonetsa kuti lamulo la pa madzi limagwira ntchito pamene olikhudzidwa adakhalapo polikonza. Mutu umodzi susenza denga.

Potero yankho la funso lija lili patatu. Chidakwa chiyenera kumvedwa pa zimene chimadziwa, chifukwa kawirikawiri ndicho chimayamba kuona kuti mtundu wina wa nsomba ukuchepa, monga umo chidakwa cha ku America chimayambira kumva kuti njanji yayamba kugwedezeka. Chikhamu chiyenera kumvedwa chifukwa ndalama zake ndizo zimalipira wophika, mlonda ndi wopalasa bwato, amene ena a iwo amatumiza malipirowo kwa makolo awo kwa Katuli. Mwini mudzi ayenera kumvedwa koposa onse, popeza iye alibe nyanja ina yothawirako. Mbuna zikatha pa Thumbi, woweta wa ku Ulaya adzatsala nazo m'galasi mwake, hotela idzapitiriza kulandira misonkhano kwa kanthawi, koma mnyamata wa kwa Chembe amene amaperekeza alendo ku chilumbacho adzasowa chowaonetsa. Pamenepa mpamene chofuna cha mlendo wokonda nsomba ndi cha mwini mudzi zimakumanira, ndipo oyang'anira nyanja angachite bwino kuwakhazika onse awiri pa mphasa imodzi chigamulo chisanaperekedwe.