Zilumba Zakana Mafuta Odzola Opha Makorali

Mlendo wofika ku Palau, dziko la zilumba zing'onozing'ono m'nyanja ya Pacific, akapezeka ndi mafuta oteteza khungu ku dzuwa okhala ndi kemikolo yotchedwa oxybenzone, amamulanda. Wasitolo akagwidwa akugulitsa mafuta otere amalipira chindapusa chofika madola 1,000. Pulezidenti Tommy Remengesau Jr. anasayina lamuloli mu 2018, ndipo linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2020. Makemikolo amene analetsedwa panthawiyo anali 10, kuphatikizapo octinoxate ndi octocrylene.

Chimene a ku Palau akumenyera nkhondo ndi makorali. Poyang'ana ungati ndi miyala, komatu ndi tinyama tofewa tokhala chiunjiunji, kalikonse m'kachigoba kake kolimba, ndipo pakapita zaka mazanamazana zigobazo zimasanduka matanthwe a pansi pa madzi. M'menemo nsomba zimaswana. Pamenepo mafunde amathera ukali asanafike ku midzi ya m'mphepete mwa nyanja. M'thupi mwa tinyamati mumakhalanso ndere zosaoneka ndi maso, zimene zimapanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa n'kumagawira mwini nyumba, ndipo ndi nderezi zimene zimakongoletsa makorali ndi mitundu yosiyanasiyana.

Tsono munthu akadzola thupi lonse n'kudumphira m'madzi, mafuta ena amasukuluka. Ena amatsika ndi madzi a kubafa mpaka kunyanja. Mu 2015 wasayansi Craig Downs ndi anzake anaonetsa kuti oxybenzone imapundula ana a makorali asanakhazikike pa thanthwe. Ku Palau komweko, ofufuza anapeza makemikolo a m'mafutawa m'madzi a Jellyfish Lake, nyanja yaing'ono imene alendo amakonda kusambiramo, ndiponso m'matupi a jellyfish za m'menemo.

Chinsinsi cha kaphedwe kake chinaululika mu 2022 ku yunivesite ya Stanford. Ofufuza anatenga tinyama tachibale ndi makorali totchedwa sea anemone n'kutiika m'madzi okhala ndi oxybenzone. Kanyamako, pofuna kutulutsa chachilendocho m'thupi, kamachiphatikiza ndi shuga. Apa m'pamene pamalakwika zinthu: mankhwala amene pa khungu la munthu amameza cheza cha dzuwa, akalumikizana ndi shugayo amasanduka poizoni amene amalusa akawombedwa ndi dzuwa lomwelo. Tinyama tonse timene tinaikidwa pa kuwala kofanana ndi kwa dzuwa tinafa pasanathe masiku 17, pamene tosaikidwa pa kuwalako tinakhalabe moyo. Anapezanso kuti ndere zija zimayamwa poizoniyo n'kumusunga, motero tinyama topanda ndere tinafa msanga kwambiri.

Mfundo yomalizayi ndi imene imandipatsa mantha. Madzi akatentha mopitirira muyeso, makorali amalavula ndere zawo n'kuyera mbee. Amakhala asanafe, ndipo madzi akazizira msanga amatha kuchira. Koma nthawi imeneyo, ali lefulefu opanda chowatchinjiriza, m'pamene mafuta a osambira angathe kuwatsiriza.

Otsutsa alipo, ndipo si onse ongoteteza malonda awo. Madokotala ena a khungu amaopa kuti anthu adzasiyiratu kudzola, khansa ya pakhungu n'kuchuluka. Mzinda wa Key West wa ku Florida utavomereza chiletso mu 2019, boma la Florida linachigwetsa chaka chotsatira. Asayansi ena amati mankhwala amene amathiridwa mu labotale amaposa amene amapezeka m'madera ambiri a nyanja, komanso kuti mdani wamkulu wa makorali ndi kutentha kwa nyanja. Pamenepa akunena zoona. Koma Palau, dziko la anthu osafika 20,000, lingaziziritse bwanji nyanja ya Pacific? Chimene lingathe ndi kusankha zolowa m'masitolo ndi m'madzi ake, ndipo sindikuona chifukwa choti lidikire.

Nkhawa ya madokotala ija siyofunika kuikankhira pambali. Kwa abale athu achialubino, mafuta oteteza ku dzuwa ndi mankhwala enieni, ndipo aliyense womva nkhaniyi asawauze kuti asiye kudzola. Malamulowa sakuletsa kudziteteza. La ku Hawaii, limene Bwanamkubwa David Ige anasayina mu 2018 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2021, limaletsa kugulitsa mafuta okhala ndi oxybenzone ndi octinoxate okha, ndipo wolemberedwa ndi dokotala amaloledwa kugula. Mafuta a zinc oxide ndi titanium dioxide, aja amasiya khungu litatuwa pang'ono, akugulitsidwabe. Chipewa cha khonde ndi malaya a manja aatali osambira nawo zimachepetsanso malo ofunika kudzola.

Ena atengerapo phunziro. Thailand inaletsa mafuta oterewa m'mapaki ake a m'nyanja mu Ogasiti 2021, ndipo wophwanya lamulo atha kulipira mpaka 100,000 baht. Boma la Maui, ku Hawaii komweko, linapitirira pamenepo: kuyambira Okutobala 2022 limangolola mafuta a zinc oxide ndi titanium dioxide basi, kupatula amene dokotala walembera wodwala.