Musathamangire kutsitsa giyabokosi

"Giyabokosi yafa." Awa ndi mawu amene amandipeza kawirikawiri pa ntchito yanga ya umakaniko kuno ku Kasina, makamaka nyengo yokumba mbatatesi pamene mapikiapu akale, ma Hilux ndi ma Nissan, amasenza matumba kutulukira nawo pa Linthipe kapena pa Chimbiya. Mwini galimoto amafika atagamula kale mlandu, akufunsa mtengo wa giyabokosi ina ku Lilongwe. Komatu giyabokosi yosintha ndi dzanja siifa wamba. Nthawi zambiri wolakwa ndi kilatchi kapena oyilo, ndipo mutha kudziwa nokha musanagwire sipanala.

Zimitsani injini, pondani kilatchi, lowetsani magiya onse. Kenako lizani injini muyesenso. Ngati injini ili chete magiya akulowa bwinobwino koma ikalira akukana, giyabokosi isiyeni. Vuto ndi lakuti kilatchi sikulekanitsa injini ndi giyabokosi, choncho shafuti ya m'kati ikuzungulirabe ngakhale phazi lanu lafika pansi.

Mboni yachiwiri ndi rivesi. Pa galimoto zambiri zakale giya imeneyi ilibe chothandizira kulowa, ndiye siibisa kanthu. Pondani kilatchi, werengani mpaka 5, kenako lowetsani. Ikakukuta mano mutadikira chonchi, kilatchi ikukoka. Tsopano popani pedulo kangapo muyesenso. Ikalowa, ndiye kuti m'mapaipi muli mpweya, kapena timarabala ta mu master cylinder kapena slave cylinder tatha. Suzumirani m'kabotolo ka brake fluid, pisaninso dzanja kuseri kwa pedulo: pakanyowa, master ikudontha. Pa galimoto ya kebulo, mwina kebuloyo yangotamuka ndipo ikufuna kukungidwa. Zonsezi timakonza giyabokosi ili pamalo pake.

Nkhani imasintha ngati giya imodzi yokha ndiyo ikukukuta, makamaka thu. M'katimo giya iliyonse yopita kutsogolo ili ndi mphete ya chitsulo chachikasu, synchro, imene ntchito yake ndi kufananitsa liwiro la mano awiri asanalumane. Ya thu ndiyo imatha msanga, chifukwa misewu yathu ya fumbi, ya zitunda ndi migula, timaiyenda pa wani ndi thu. Kuti mutsimikize, bwererani mu nyutulo, siyani kilatchi, pondani mafuta pang'ono, pondaninso kilatchi n'kulowetsa. Ikalowa mwakachetechete, mpheteyo ndiyo yatha. Madalaivala akale a malole ankasintha magiya motere tsiku lililonse, ndipo galimoto itha kuyendabe choncho mpaka ndalama itapezeka.

Pa oyilo ndiye pamene ndimakangana ndi anthu. Kuno ku mapiri a Dedza, m'mawa wa June ndi July oyilo amalimba ngati uchi, ndipo giya ya thu imavuta mpaka galimoto itayenda pang'ono. Ngati vuto likutha injini ikatentha, si matenda oti n'kutsegulira giyabokosi. Chimene chimandipweteka ndi chizolowezi chothira oyilo wa difu, 85W-140, ati kuti phokoso lichepe. Phokoso limachepadi, koma mphete zija zimalephera kugwira ntchito mu oyilo wolemera chotero. Magiyabokosi ambiri akale amafuna 75W-90 kapena 80W-90, ndipo ena amafuna wa GL-4 yekha chifukwa mankhwala a mu GL-5 wina sagwirizana ndi chitsulo chachikasu. Buku la galimoto yanu ndilo likuuzeni, osati wogulitsa amene ali ndi mtundu umodzi wokha pa shelefu.

Pokhetsa oyilo wakale musamutaye musanamuone. Akamanyezimira mwachikasu, synchro ikudyeka. Akaoneka ngati mkaka, munalowa madzi, mwina powoloka mtsinje nthawi ya dzinja. Pa chitsekerero cha pansi nthawi zambiri pamakhala maginito: fumbi lachitsulo pang'ono si lodetsa nkhawa, koma tizidutswa togwirika ndi chala tikutanthauza kuti mano kapena bering'i yasweka.

Giya yodumpha yokha, makamaka mukasiya mafuta potsika phiri ngati la Khwekhwelere popita ku Golomoti, ndi yoopsa chifukwa katundu yense amatsamira pa mabuleki. Yambani mwaona marabala ogwira injini ndi giyabokosi, komanso timabushi ta ndodo ya giya. Zikakhala bwino, pamenepo ndiye titsegule. Ndipo dzanja lija mumaligoneka pa ndodo ulendo wonse lichotseni, likudya mafoloko a m'kati.

Injini ikamalira kwambiri pa mtunda koma liwiro osawonjezeka, n'kumamveka fungo la chopsa, imeneyo ndi kilatchi puleti yotha, ndipo matumba owonjezera aja ndiwo amaimaliza. Apa giyabokosi imatsikadi, koma kuti tifikire kilatchi basi. Makaniko akakuuzani kuti aitsitse, mufunseni kaye ngati wayesa magiya injini itazima, ngati waona brake fluid, ndiponso ngati wakhetsa oyilo inu mukuona.